Mkono ndi wake, mawu omaliza akhalenso ake

Mwezi wa July ukafika ku America, okonda baseball amasiya kukamba za masewero a dzulo n'kuyamba kukamba za msika. Mu Major League Baseball (MLB), ligi yaikulu ya masewerowa, muli matimu 30, iliyonse imasewera masewero 162 kuyambira kumapeto kwa March, ndipo pofika pakati pa July aliyense amakhala atadziwa ngati timu yake ili ndi mwayi wodzasewera masewero olimbirana chikho mu October kapena yatsala kale m'mbuyo. Matimu amene ali pamwamba amayamba kusaka zida. Amene ali pansi amayamba kuunguza m'nyumba mwawo kuti agulitse chiyani. Chaka ndi chaka, dzina loyamba kutuluka pakamwa pa atolankhani limakhala la woponya mpira wamkulu, wa zaka 34 kapena 37, amene mkono wake udakali ndi moto koma kontrakiti yake ikupita kumathero.

Ine sindikana kuti woponya wotere asamuke pakati pa sizoni. Nthawi zambiri kusamukako kumamukomera iye mwini. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu woti watha zaka khumi ndi kuposa akuphwanya chigongono chake pabwalo amakambidwa mwezi wathunthu ngati mbuzi ya pamsika, aliyense akuitchula mtengo, mwiniwake wa mkonowo osafunsidwa. Ndikuti mawu omaliza pa kusamuka kwa woponya wamkulu azikhala ake, ndipo malamulo amene alipo lero amateteza anthu ochepa kwambiri.

Kwa ife amene tinakulira mu mpira wamiyendo, nkhaniyi imayamba yadabwitsa. Mu mpira wathu, matimu awiri akamvana mtengo, wosewera amakhala pansi ndi timu yatsopanoyo kukambirana za malipiro ake, ndipo akakana, malonda afera pomwepo. Mu baseball sizitero. Matimu amangosinthana makontrakiti. Wina amapereka woponya wake wamkulu, winayo amapereka anyamata awiri kapena atatu amene akusewera m'maligi ang'onoang'ono, ndipo kontrakiti imanyamuka ndi munthu wake monga momwe ilili. Wosewera amangoitanidwa mu ofesi, kapena kuimbiridwa foni, n'kuuzidwa kuti mawa akavale yunifomu ina mumzinda umene mwina uli pa mtunda wa makilomita 4,000. Ana ali pasukulu, nyumba ya lendi analipira kale, mkazi mwina ndi woyembekezera. Zonsezo azionera yekha.

Chifukwa chimene woponya amafunidwira chonchi n'chosavuta kumva. Timu imakhala ndi oponya asanu oyambitsa masewero, amasinthana, ndipo aliyense amaponya kamodzi pa masiku asanu. Pa sizoni yonse munthu mmodzi amayambitsa masewero pafupifupi 32 okha. Koma mu October zinthu zimasintha: matimu awiri amatha kukumana mpaka kasanu kapena kasanu ndi kawiri, ndipo woponya wabwino mmodzi atha kuyambitsa masewero awiri mwa amenewo. Mkono umodzi ukhoza kunyamula mzinda wonse. N'chifukwa chake mu July, kumbuyo kwa womenya mpira kumadzaza akazitape a matimu ena, aliyense ndi kachipangizo koyezera liwiro la mpira, kuona ngati mkuluyo akufikabe makilomita 150 pa ola m'chigawo chachisanu ndi chimodzi. Iye amawaona. Amadziwa kuti akumuyesa pa sikelo.

Nkhani imene ndimaikumbukira kwambiri ndi ya Justin Verlander mu 2017.

Detroit Tigers inamusankha mu 2004 kuchokera ku Old Dominion University ku Virginia, ali wachiwiri pa anyamata onse osankhidwa chaka chimenecho. Mu 2006 anali wosewera watsopano wopambana onse mu American League, limodzi mwa maligi awiri a MLB. Mu 2011 anawina masewero 24 n'kugonja 5 okha, natenga mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana, pamodzi ndi ya MVP, ya wosewera wofunika kuposa onse, chinthu chimene oponya sachipeza kawirikawiri. Anafika nayo Detroit ku World Series, masewero omaliza olimbirana chikho, kawiri, mu 2006 ndi 2012, koma maulendo onse awiri chikho chinapita kwina. Pofika 2017 anali ndi zaka 34. Mwini timu, Mike Ilitch, amene sankaumira ndalama pofuna chikho, anamwalira mu February chaka chomwecho, ndipo timu inali ikumira. July yense dzina la Verlander linali m'kamwa mwa aliyense. Tsiku lotsekera msika, 31 July, linadutsa iye adakali ku Detroit. Koma masiku amenewo kunali kakhomo kam'mbali kololeza kusinthana osewera mpaka pa 31 August, kamene anadzakatseka mu 2019, ndiye mphekesera zinapitirira mwezi wina wathunthu.

Ku Houston nthawi imeneyo kunali maliro. Namondwe Harvey anali atamiza mzindawo kumapeto kwa August, moti timu ya mzindawo, Astros, inakasewerera masewero ake apakhomo ku St. Petersburg, ku Florida. Usiku wa pa 31 August, Tigers ndi Astros anamvana: Verlander apite ku Houston, Detroit ilandire anyamata atatu, Franklin Pérez, Daz Cameron ndi Jake Rogers. Koma panatsala chinthu chimodzi. Verlander anali ndi ufulu wokana. Popanda siginecha yake, mabwana onsewo analibe chochita. Mkulu woyendetsa Tigers, Al Avila, anamuimbira foni kutatsala nthawi yosakwana ola limodzi kuti 12 koloko usiku ikwane. Dallas Keuchel, woponya wa Astros, naye anaimba kumunyengerera. Anthu a Tigers anathamanga ndi pepala kunyumba kwake, iye anasaina, ndipo pepalalo linafika ku likulu la ligi kutatsala masekondi owerengeka. Kuno kwathu kunali kukucha, cha m'ma 6 koloko m'mawa wa pa 1 September.

Taganizirani bwino. Munthu wakhala mumzinda umodzi zaka 13, ndipo akupatsidwa mphindi zosakwana 60 kuti asankhe zotsala kapena zochoka. Zimenezo si ulemu wokwanira. Komabe cholembera chinali m'manja mwake. Akanati ayi, m'mawa mwake akanadzuka ali wa Detroit, ndipo palibe akanamukweza ndege mokakamiza. Pamenepo ndi pamene ine ndimasiyanitsira kusamuka kwa munthu ndi kugulitsidwa kwa katundu.

Zotsatira zake zinali zazikulu. Mu September anayambitsa masewero 5 ku Houston n'kuwina onse. Atakumana ndi New York Yankees polimbirana malo a ku World Series, anaponya yekha zigawo zonse 9 m'masewero achiwiri, natulutsa omenya 13 mowaphonyetsa mpira, ndipo m'masewero achisanu ndi chimodzi anaponya zigawo 7 osagoletsetsa. Houston inatenga chikho chake choyamba itagonjetsa Los Angeles Dodgers. Sindingabise kuti chikho chimenecho chili ndi banga, chifukwa mu 2019 zinaululika kuti omenya a Astros ankabera zizindikiro za adani awo ndi kamera n'kumadziwitsana pomenya bini ya zinyalala, ndipo kochi ndi mkulu woyendetsa timu anachotsedwa ntchito mu January 2020. Koma mkono wa Verlander sunali wachinyengo. Anatenganso Cy Young mu 2019, anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2020, sanasewere 2021 yonse, n'kubwera mu 2022 ali ndi zaka 39 kudzatenga Cy Young yachitatu ndi chikho chachiwiri.

Nanga Detroit inapindulanji? Franklin Pérez, amene ankatamandidwa kuti ndiye mutu wa malondawo, anangokhalira kuvulala ndipo sanaponyepo ngakhale mpira umodzi mu ligi yaikulu. Daz Cameron sanakhazikike. Jake Rogers yekha ndiye anasanduka wosewera wodalirika, wowakha mpira kumbuyo kwa womenya. Timuyo inagonja masewero 98 mu 2017, 98 enanso mu 2018, ndi 114 mu 2019. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Masapota a Detroit anauzidwa kuti apirire, timu ikumanganso maziko, ndipo anadikira mpaka 2024 kuti aonenso timu yawo mu October. Chaka chimenecho Rogers ndiye anali kuwakha mpira pamene Tigers inatulutsa Astros pakhomo pawo ku Houston. Zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitadutsa.

Ufulu umene Verlander anagwiritsa ntchito usiku uja sunagwe kumwamba. Mu October 1969, St. Louis Cardinals inatumiza Curt Flood ku Philadelphia Phillies atasewerera Cardinals zaka 12. Flood sanali woponya, ankasewera pakati pa bwalo lakunja, ndipo anali katswiri wotola mipira. Anakana kupita. Pa 24 December chaka chomwecho analembera kalata mkulu wa ligi, Bowie Kuhn, kumuuza kuti iye si katundu woti azigulidwa ndi kugulitsidwa mosalabadira zofuna zake. Munthu wakuda kulemba mawu amenewo ku America wa 1969, aliyense ankadziwa mbiri imene ankaikumbutsa. Mlandu unafika ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1972 Flood anagonja, oweruza 5 kutsutsana ndi 3. Ntchito yake inali itatha kale: 1970 yonse sanasewere, ndipo mu 1971 anangosewera masewero 13 ku Washington. Koma mu 1973 bungwe la osewera, pansi pa Marvin Miller, linapambana lamulo lakuti wosewera amene watha zaka 10 mu ligi yaikulu, zisanu zomalizazo ali pa timu imodzi, sangasamutsidwe popanda chilolezo chake. Woyamba kuligwiritsa ntchito anali Ron Santo wa Chicago Cubs, amene anakana kupita ku California Angels kumapeto kwa chaka chomwecho.

Lamuloli ndi labwino, koma siliteteza munthu ku mphekesera, ndipo mphekesera nazo zimasamutsa anthu. Woponya Tom Seaver anali mtima wa New York Mets: anaipatsa chikho mu 1969 ndipo anali ndi ma Cy Young atatu. Mu 1977 anasemphana ndi wapampando wa timu, M. Donald Grant, pa nkhani ya malipiro ndi kusagula osewera abwino. Pakati pa June zinthu zinali zitayamba kukonzeka, ndipo Seaver anali atavomera zotsala. Ndiye wolemba wina wotchuka wa New York Daily News, amene ankaima mbali ya Grant, analemba ndemanga yolowetsamo mkazi wa Seaver, kunena kuti banjalo likuchitira nsanje malipiro a woponya mnzake Nolan Ryan. Seaver ataiwerenga anati basi, ndichotseni kuno. Pa 15 June anamutumiza ku Cincinnati Reds posinthana ndi osewera anayi. Analira potsanzika. Mets inathera pansi pa gulu lake chaka chimenecho ndi zaka ziwiri zotsatira, ndipo anthu anasiya kupita ku bwalo lake la Shea Stadium. Papepala, Seaver anavomera yekha kuchoka. Koma ndani angati anasankha mwaufulu munthu amene banja lake lanyozedwa m'nyuzipepala?

Lero kulibenso kudikira nyuzipepala ya m'mawa. Mtolankhani amangolemba mzere umodzi pa intaneti kuti matimu atatu akufunsa za uje, ndipo pakatha mphindi khumi anthu zikwizikwi agawana kale munthuyo. Makamera a pa TV amaloza kumene osewera amakhala podikira, kusaka amene akukumbatirana ndi anzake, chifukwa kukumbatirana pakati pa masewero m'sabata yomaliza ya July ndi chizindikiro chakuti wina wauzidwa kuti alongedze. Pa 29 July 2015, Wilmer Flores wa Mets, mnyamata wa ku Venezuela amene analowa timuyo ali ndi zaka 16, anamva kwa masapota a m'bwalo kuti wasinthanitsidwa kupita ku Milwaukee pamodzi ndi woponya Zack Wheeler. Masapotawo anali ataziwerenga pa mafoni awo. Iye anabwerera pamalo pake kukasewera misozi ili chuchuchu, dziko lonse likuonera. Malondawo sanatheke n'komwe. Patapita masiku awiri Flores yemweyo anamenya mpira wotuluka m'bwalo umene unawinitsa Mets pa Washington Nationals. Anthu amaikonda nkhaniyi chifukwa cha mathero ake okoma, koma ine chimene sindiiwala ndi munthu akupukuta misozi ndi mkono wa yunifomu chifukwa aliyense m'bwalomo ankadziwa za moyo wake kupatula iye.

Wina anena kuti pofuka utsi pali moto, atolankhani sapeka. Zoona, nthawi zambiri sapeka. Funso langa ndi lakuti motowo amayatsa ndani. Zokambirana za matimu awiri zimachitika pa foni pakati pa anthu ochepa, ndipo zikatuluka, ndiye kuti mmodzi mwa iwo wazitulutsa dala. Timu yogulitsa imapindula dziko likamva kuti ogula ndi ambiri. Ndipo wosewera amene ali ndi ufulu wokana amapanikizika kwambiri malonda akalengezedwa iye asanayankhe, chifukwa akakana, masapota a mizinda iwiri amamuona ngati ndiye wawononga zinthu.

Zinamuchitikira Eduardo Rodríguez pa 1 August 2023. Tigers inamvana ndi Dodgers, nkhani inatuluka, koma m'kontrakiti yake munali mndandanda wa matimu 10 amene sangatumizidweko popanda chilolezo chake, ndipo Dodgers inali pomwepo. Anakana, nati akuganizira banja lake. Anamunena kwambiri, makamaka sizoni itatha pamene anachoka ku Detroit n'kusaina zaka zinayi ndi Arizona Diamondbacks, timu ya kumadzulo komweko kumene ankaoneka ngati akukukana. Ndikumvetsa kuwawidwa kwa masapota a Detroit, chifukwa timu yawo sinapezepo kanthu. Koma kusamutsa banja mu December, mwakonzekera, mukudziwa kuti mukakhala zaka zinayi, n'kosiyana ndi kunyamuka usiku umodzi mu August kukakhala miyezi iwiri mu hotela. Ndiponso Tigers inasaina yokha kontrakiti imeneyo. Ufulu umene munthu amanyozedwa akaugwiritsa ntchito ndi ufulu wa dzina lokha.

Mbali inayo ili ndi mfundo zake, ndipo sindizipeputsa. Yoyamba ndi John Smoltz. Mu August 1987, Atlanta Braves inapereka Doyle Alexander, woponya wa zaka 36, ku Detroit posinthana ndi mnyamata wa zaka 20 amene sankadziwika. Alexander anawina masewero 9 osagonjako, ndipo Tigers inatenga gulu lake. Koma mnyamatayo anali Smoltz, amene anaponyera Atlanta zaka 20, natenga Cy Young mu 1996, n'kulowa mu Hall of Fame, gulu la akatswiri olemekezeka a baseball, mu 2015. Seattle nayo itapereka Randy Johnson ku Houston mu 1998 inalandira Freddy García ndi Carlos Guillén, amene anaithandiza kwambiri zaka zotsatira, ngakhale Johnson anawina masewero 10 n'kugonja amodzi okha m'miyezi iwiri ku Houston. Timu yosauka imene ikudziwa kuti mkulu wake achoka ulere sizoni ikatha ili ndi chifukwa chomveka chofunira kupezapo kanthu. Sindikuti msika utsekedwe.

Mfundo yachiwiri ndi ndalama. Anthu amati munthu wolandira madola mamiliyoni 28 pa chaka, monga ankalandirira Verlander, asadandaule za kusamuka. Ndalamazo n'zambiri zedi, palibe angatsutse. Koma zimalipira ntchito, ndipo ntchitoyo imadya thupi. Woponya amatulutsa mipira pafupifupi 100 pa masewero amodzi, akatha amakulunga phewa ndi chigongono m'madzi oundana, ndipo ambiri amadzang'ambika mtsempha wa m'chigongono n'kukasokedwa ndi wina wochotsedwa pena m'thupi, opaleshoni imene Dr. Frank Jobe anayamba kuchita pa Tommy John mu 1974. Akachoka pamenepo amakhala chaka kapena kuposa osaponya. Malipiro amagula mkono umenewo, inde. Sindikuona pamene amagulira ufulu wa munthu wosankha kumene ana ake agone. Ndipo osewera akapatsidwa mpata wosankha, ambiri amavomera okha, chifukwa nawonso akufuna chikho. Max Scherzer anavomera kuchoka ku Washington kupita ku Dodgers mu 2021. Mu 2023 iye ndi Verlander, onse ali ku Mets pa malipiro oposa madola mamiliyoni 43 pa chaka aliyense, anavomera kusamuka masiku ochepa motsatizana, Scherzer ku Texas Rangers kumene anakatenga chikho, Verlander kubwerera ku Houston. Kufunsa munthu sikunaphe msika. Kunangochititsa kuti mabwana akhale naye pansi n'kumuuza zoona za kumene timu ikulowera.

Vuto n'lakuti Verlander ndi Scherzer ndi ochepa. Iwo ali ndi mphamvu yolembetsa ufulu wokana m'kontrakiti. Woponya wamba amene wakalambira mu ligi alibe mphamvu imeneyo, ndipo lamulo la 1973 silimufikira, chifukwa masiku ano munthu akadutsa zaka 33 matimu amangomupatsa kontrakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Zaka zisanu pa timu imodzi azipeza kuti? Ena amasainidwa mu January ndi timu yofooka imene cholinga chake chenicheni n'kudzawagulitsa mu July akachita bwino.

Ndikanakonda bungwe la osewera litalimbana kuti gawo la zaka zisanu lichoke, makamaka pa kusamutsa kwa pakati pa sizoni: amene wakwanitsa zaka 10 mu ligi yaikulu azifunsidwa, kaya wakhala pa timuyo miyezi inayi yokha. Ofika zaka 10 ndi ochepa kwambiri, moti msika sungagwe nazo. Ndipo timu izikakamizidwa kuuza wosewera aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, isanauze mtolankhani, n'kumupatsa wofunsidwayo tsiku lathunthu loganiza, osati mphindi 45 pakati pa usiku.

Ndikamanena zimenezi ndimaganiza za Rich Hill. Anayamba kuponya mu ligi yaikulu mu 2005 ku Chicago Cubs. Anavulala, anatayidwa, mu 2015 anakaponyako mpaka mu ligi yapadera ya kunja kwa MLB, n'kubwereranso ndi mpira wake wokhota umene omenya ankalephera kuuwerenga. Oakland inamutumiza ku Dodgers mu August 2016. Tampa Bay inamutumiza ku Mets mu July 2021. Pa 1 August 2023, Pittsburgh inamutumiza ku San Diego, kuchoka kum'mawa kwa dziko kukafika kugombe la kumadzulo. Anali ndi zaka 43, wamkulu kuposa wosewera wina aliyense mu ligi yonse, atadutsa kale zaka 10 za utumiki, ndipo lamulo la 1973 lija, lotchedwa ndi dzina la Curt Flood, silinamupatse mpata wonena kuti inde kapena ayi.